Ndimukhululukire bwanji munthu wosavomera kuti analakwa?

Agogo,

Ndikulemba usiku, tulo tandithawa. Dzina langa musalitchule chonde, kuno ku Machinjiri anthu amawerenga tsamba lanuli.

Amuna anga anamwalira mu 2024 atadwala kanthawi kochepa. Anasiya minibasi imodzi ndi kapuloti. Tsiku la kusesa lomwelo alamu anga, mng'ono wawo wa malemu bere limodzi, anatenga makiyi ndi mapepala onse, ati akasunge kuopa chipwirikiti cha pamaliro. Mpaka lero akusungabe. Minibasiyo ndimakumana nayo pa Ginnery Corner itadzaza anthu opita ku Limbe, ine beseni la mandasi lili pamutu. Pali mawu ena amene anandinenera pamaso pa achibale okhudza imfa ya amuna anga, amenewo sindingawalembe pano.

Ndipotu anthu amenewa, namondwe wa Freddy atawagwetsera nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, anadzakhala kwathu. Ana anga anawapatsa chipinda chawo n'kumagona pabalaza. Ine ndinkadzuka m'bandakucha kuwaphikira phala ana awo. Sindikuwerengera zabwino ayi, koma mudziwe.

Ndi mapoto omwe anatenga, Agogo. Pali poto wamkulu amene ndinagula ndekha mumsika wa Limbe ndi ndalama za banki mkhonde, malemu sanaikepo ndi tambala yomwe. Ndinamupaka penti yofiira pa chogwirira kuti asamasowe kumaliro. Mwezi watha tikuphika pa ukwati wa kutchalitchi ndinangoona akazi awo akuvundulamo nsima, penti yanga ili pomwepo, n'kundiuza kuti ndiwagwirireko. Ndinagwira. Mwina mukuti poto n'chiyani, koma ndinakalira kuseri kwa khitchini.

Chandilembetsa kalatayi ndi mwana wanga wachisamba, wa zaka 20. Wapangana ndi anzake a pasiteji kuti akaswe magalasi a minibasiyo ndi kuwathidzimula bambo ake aang'onowo. Ndinamugwira miyendo, ndinamuuza kuti m'nyumba mwanga simutuluka munthu wokakhetsa magazi. Bambo anga anali mkulu wa mpingo, anatilera ndi Mateyu 5:39, kuti wokumenya tsaya lamanja umutembenuzire linalo, ndipo pa moyo wanga sindinakwezepo dzanja kwa munthu. Mwanayo wandiyankha kuti ndine wamantha, kuti kudzichepetsa kwangaku ndi kumene kwachititsa mlongo wake kusiyira sukulu Folomu 3. Watuluka, mpaka pano sanabwere. Kodi akunama?

Kumpingo ndinakadandaula. Akuluakulu anandiwerengera Mateyu 18, kuti tikhululuke mpaka 70 kuchulukitsa ndi 7, ndi 1 Akorinto 6, kuti okhulupirira asatengerane ku makhoti. Anatigwiritsa chanza, tinapemphera, nkhani n'kuthera pomwepo. Makiyi sanawatchule n'komwe. Alamuwo amapereka ndalama zambiri pa pepala Sande, kaya n'chifukwa chake, Mulungu ndiye akudziwa. Iwo Mgonero akudya bwinobwino. Ine ndinasiya, chifukwa tikafika pa mawu oti mutikhululukire monga ifenso tikhululukira, pakamwa panga pamauma.

Baibulo lomwelo ndimaliwerenga ndekha usiku. Pa Luka 17:3 akuti m'bale wako akachimwa umudzudzule, akalapa umukhululukire. Wanga sanalape, amandipatsa moni akumwetulira. Pa Luka 18 Yesu yemweyo ananena fanizo la mayi wamasiye amene sanaleke kupita kwa woweruza mpaka mlandu wake unaweruzidwa. Ngakhale Ambuye atamenyedwa mbama pa Yohane 18:23 sanabwezere, koma anafunsa kuti undimenyeranji. Ndiye ine kufunsa za minibasi ya ana anga ndi tchimo?

Mnzanga wina wandiuza kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo ku Legal Aid Bureau amathandiza anthu osowa ndalama ngati ine. Ndikapita kumeneko apongozi anga, amene ndi okalamba ndipo amandikonda, adzati ndamangitsa mwana wawo amene watsala. Ndikapanda kupita, wanga ndi amene akathere ku ndende ya Chichiri.

Kubwezera sindikufuna, Agogo, Mulungu ndi mboni. Koma mumtima ndimawafunira zoipa, nthawi zina ndimalakalaka minibasiyo itangopsa, kenako ndimachita mantha ndi maganizo angawo. Kodi munthu angakhululuke kwinaku akusumira yemwe wamukhululukirayo? Kukhululuka ndiye kuti ndiiwale pulotiyo, ndizingoseka nawo pa ukwati? Mgonero ndiyambirenso mtima uli chonchi? Nanga mwanayu akabwera m'mawa ndimuuze chiyani choti andimvere, poti zoti Mulungu adzatibwezerera watopa nazo?

Ndithandizeni msanga.

Ine mayi wamasiye,
Machinjiri, Blantyre