Lipoti la ulendo wa ku Geneva pa nkhani ya mapulasitiki

Apampando, akomiti ndi anzanga nonse,

Munandituma kukamvera zokambirana za mayiko ku Geneva, zomwe zinayamba pa 5 Ogasiti 2025. Ndabwerako chimanjamanja. Pangano lothana ndi zinyalala za pulasitiki, lomwe mayiko anavomerezana ku Nairobi mu 2022 kuti lilembedwe, silinatheke. Msonkhano umayenera kutha pa 14, koma tinachezera mpaka m'mawa wa pa 15, wapampando Luis Vayas Valdivieso wa ku Ecuador n'kutseka popanda mgwirizano. Mayiko pafupifupi 100 ankafuna kuti kupanga pulasitiki kuchepe, koma mayiko a mafuta monga Saudi Arabia ndi Russia anakanitsitsa kwa mtu wa galu, ati tizingosamala bwino zinyalala basi.

Maganizo awowo ndi amene ndikufuna tiwaunike, chifukwa nafenso timadalira kutolera ndi kusesa. Jumbo kapena botolo likakhala padzuwa limafumbutuka, n'kumanyenyekabe mpaka kusanduka tizidutswa totchedwa nanoplastics. Mutagawa milimita imodzi magawo 1,000, kachidutswa kotere sikakwana ngakhale gawo limodzi. Tsache silingatisese, ndipo chifukwa cha kuchepa kwake timatha kudutsa m'matumbo kapena m'mapapo n'kulowa m'magazi.

Akatswiri a ku Columbia University, ku America, anapeza mu 2024 kuti lita imodzi ya madzi a m'botolo inali ndi tizidutswa pafupifupi 240,000, ndipo 90 mwa 100 tinali ta mtundu wa nanoplastics. Ndinkaganiza zimenezi ndili ndi botolo m'manja, ludzu linathera pomwepo. Kafukufuku wa ku Italy ndiye anandiopsa kwambiri. Madokotala anayeza mafuta oundana omwe anachotsa m'mitsempha ya m'khosi ya odwala 257, napeza pulasitiki mwa oposa theka. Pa zaka pafupifupi 3 zotsatira, mwa anthu opezeka ndi pulasitikiwo matenda a mtima, sitiroko kapena imfa zinachuluka kanayi ndi theka poyerekeza ndi anzawo. Ofufuzawo anachenjeza okha kuti izi sizikutsimikiza kuti pulasitikiyo ndiye wayambitsa, choncho tikamauza anthu tisathire mchere.

Mayiko a European Union anayamba mu 2023 kuletsa tizidutswa tomwe makampani amathira dala m'zodzola ndi zinthu zina. Kwathu kuno ku Malawi lamulo loletsa majumbo opyapyala osakwana ma micron 60 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) lilipo kuyambira 2015, ndipo Khoti la Supreme linaligwiriza mu 2019, koma mukudziwa nokha zomwe zadzaza m'ngalande zathu, zomwe mvula imakokolera ku mitsinje ndi kunyanja.

Ndikupempha kuti pa msonkhano ukubwerawu tikambirane zoyendera amayi a mandasi ndi anyamata a chiwaya pa nkhani yoika chakudya chotentha m'jumbo, komanso chizolowezi chokolezera mbaula ndi pulasitiki. Malisiti a ulendowu ndapereka kale kwa msungichuma.