Chiwetel Ejiofor si wa filimu ya Kamkwamba yokha

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za Chiwetel Ejiofor, poti ambiri kuno amangomudziwa ngati bambo ake a William Kamkwamba mufilimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, ena mpaka lero akumusekabe ati Chichewa chake chinali chopotoka. Eya chinali chopotoka, koma mkuluyu anabadwira ku London mu 1977, makolo ake a ku Nigeria, ndiye mumafuna azilankhula ngati wa pa Wimbe? Filimuyo analemba ndi iyeyo, dayilekita iye yemwe, nkubwera kudzaijambulira ku Kasungu konkuno mufumbi lathuli.

Komatu munthuyu anayambira pa siteji. Dayilekita wa ku America Steven Spielberg anamutenga akadali pa sukulu ya zisudzo kuti akasewere mufilimu ya Amistad ya 1997, ndipo mu 2008 anawina mphoto ya zisudzo ya ku Britain ya Olivier atasewera Othello musewero la Shakespeare ku Donmar Warehouse, kaholo kakang'ono koti oonera amaona thukuta lako, ukaiwala mzere palibe zoti tiyambirenso. Nanga mufilimu ya 12 Years a Slave, pomwe anamumangirira chingwe m'khosi nkumangodalira zala zakuphazi m'matope, osalankhula kanthu, nkhope yokha? Anapata nayo BAFTA imeneyo, mphoto ya mafilimu ya ku Britain.

Tsamba lanu la zisangalalo litilembereko za anthu ngati awa, achinyamata a zisudzo amve.

Wowerenga wanu,
Kasungu