Dandaulo pa nsanja ya eriyo yomwe munandigulitsa

Kwa Mkulu wa Zamalonda,

Bwana,

Nsanja yachitsulo imene ndinagula kwa inu, ya zigawo zinayi za mamita 3 chilichonse, sikugwirizana ndi zomwe ananena wogulitsa wanu. Ndinamufotokozera momveka bwino kuti ndimachita za amateur radio (kulankhulana ndi anthu ena pa wailesi yangayanga mongodzisangalatsa), kuti pabwalo panga ndi pothina ndipo palibe poti n'kukhomera mawaya okokera nsanja m'mbali. Iye anati ndisade nkhawa, iima yokha mamita 12 onsewo.

Kabuku ka m'katoni kakunena zina. Ziwerengero zonse zili mmenemo ndi za nsanja yokokedwa ndi mawaya. Sanalembe kutalika koyenera ikaima yokha, kukula kwa eriyo imene inganyamule, kapena liwiro la mphepo lomwe anawerengera. Ngakhale muyezo wa TIA-222, womwe ndi wa nsanja zonyamula ma eriyo, sukutchulidwa.

Mphepo ikawirikiza liwiro kawiri, mphamvu yake pa eriyo imachuluka kanayi, ndipo eriyoyo ikakhala patali m'mwamba, tsinde ndilo limavutika koposa. Pa nsanja ya mawaya, olimbana ndi mphepo ndi mawayawo. Tsinde limangosenza katundu wotsikira pansi. Chotsani mawaya, ntchito yonse igwera tsinde ndi maziko. Nanga inu mwandipatsa chiyani? Kambale kachitsulo kongokhazika pamwamba pa konkire, koyenera nsanja ya mawaya. Yoima yokha imafuna chigawo chapansi cholowa m'konkire kapena mabawuti aatali omizidwa m'maziko, komanso pulani yosonyeza kuya kwa dzenje ndi zitsulo zoikamo. Ine ndikufuna kukweza eriyo ya Yagi (ya timitengo tachitsulo topingasa, yolozera mbali imodzi) ndi mota yoitembenuza, zinthu zokola mphepo kwambiri. Ikagwa, igwera denga la aneba kapena mawaya a magetsi, ndipo mlandu udzakhala wanga, wogulitsa wanu uja ali phee mu ofesi.

Mabawuti olumikizira zigawo nawonso achita kale dzimbiri ali m'thumba momwemo.

Nditaimba foni, wondiyankha anati anthu ena amangoimika choncho. Yankho lotere silichokera kwa munthu wodziwa ntchito yake. Pamafunika masiku 28 kuti konkire ilimbe mokwanira, ndipo dzenje likachepa, simungabwezenso mutathira kale. N'chifukwa chake nsanjayi ikadali pansi, sindinakumbe n'komwe.

Nditumizireni chikalata chosainidwa ndi injiniya chonena mamita amene nsanjayi ingafike popanda mawaya, eriyo yaikulu bwanji, pa mphepo yotani. Chibwere pamodzi ndi chigawo chapansi choyenera, pulani ya maziko ndi mabawuti osachita dzimbiri. Ngati singaime yokha, nenani poyera, mudzaitenge ndi galimoto yanu, mundibwezere ndalama zanga zonse.

Ndaphatikiza kope la risiti ndi zithunzi za kambale ndi mabawutiwo. Ndikuyembekezera yankho lolemba pasanathe masiku 14.

Ndine kasitomala wanu.