Katundu wa Khirisimasi wanyamuka

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Joni kulibe chovuta.

Katundu wanyamuka pa basi ya ku Park Station, zikwama ziwiri zamizeremizere zija. Adutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, n'kulowa kwathu pa Mwanza. Ulendowu umatenga masiku awiri, koma mu Disembala mizere ya pamalire imatalika, ndiye musathamangire ku Wenela kondakitala asanakuimbireni. Malisiti onse ali ndi iyeyo, kuti a MRA akafuna msonkho awerengere pa mtengo weniweni. Musanalandire zikwamazo, onani ngati selotepi ya pazipi siinadulidwe.

Mukafika kunyumba muyambe kutulutsa mafuta ophikira, zigubu ziwiri za malita 5. Kunsi kwa basi kumatentha, mafuta amafufuma n'kuyamba kudontha pachivindikiro, n'chifukwa chake chigubu chilichonse chili m'majumbo awiri. Sopo ali m'chikwama china, kutali ndi shuga, apo ayi tiyi yense wa Khirisimasi anunkha sopo. Ketulo yamagetsi ndi yanu, koma pulagi yake ndi ya kuno, ya mano atatu obulungira, siingalowe m'soketi ya kwathu. Musakakamize ndi kamtengo. Alamu adule aikepo pulagi ya mano ophwatalala ya fyuzi ya 13A: waya wa bulawuni ku L, wa buluu ku N, wobiriwira ndi chikasu pa dzino lapamwamba. Nyale ya sola ya agogo ikhale padzuwa tsiku lathunthu isanayatsidwe koyamba.

Tsono nkhani yogawa, pomwe mphatso zambiri zimasanduka milandu. Mukatulutsa mafutawo mutseke zikwamazo, musazitsegule pakhonde. Mupite nazo kumudzi, mutsegule m'nyumba mwa amayi, mugawe zonse tsiku limodzi. Wina akalandira lero, mnzake sabata yamawa, wachiwiriyo amati wapatsidwa zotsala. Chilichonse chili ndi kapepala kosonyeza mwini wake. Jekete la amalume liperekedwe koyamba, ndipo apereke ndi amayi, osati ana. Nsapato za ana n'zokulirapo ndi saizi imodzi mwadala, kuti zifike teremu yachitatu. Zikakhwepa aikemo pepala kutsogolo. Paketi zinayi za shuga zopanda dzina ndi za oyandikana nawo amene amayi angasankhe okha.

Pali china chomwe ndikupemphani. Amayi akafuna kunditumizira kanthu, musawaletse n'kumati ku Joni kuli zonse. Wopereka amasangalala kwa miyezi: amasunga ndalama, amayenda m'masitolo, amaganizira nkhope ya aliyense. Wolandira amasangalala tsiku lomwelo, kenako ngati alibe chobweza amatsala ndi manyazi. Munthu wamkulu amene chaka ndi chaka amangotambasula manja amayamba kudziona ngati mlendo pakhomo pake pomwe. Paja amati kupatsa n'kuika, ndiye asiyeni nawonso aike.

Ngati afunsa choti atumize, nazi. Mtedza wosenda, makilo atatu, wouma bwino woti ukagwedezedwa uzilira. Asasinje, chifukwa nsinjiro zikatenthedwa m'njira zimatuluka mafuta n'kuyamba kuwawa. Mfutso wa nkhwani kapena wa khwanya auyanikenso tsiku limodzi asanamange, popeza nyengo ya mvula ino umayamwa chinyezi ndipo m'jumbo yotseka umachita nkhungu. Kambuzi akhale wouma, wamuwisi amaola. Mpunga wa Kilombero makilo asanu akwana. Mtengo wonyamulira ndilipira ine kuno katunduyo akafika, koma zimenezi amayi musawauze.

Ndalama ya thumba la 50 kg la feteleza wobereketsa ibwera payokha pa Mukuru. Imeneyo si ya Khirisimasi, feteleza agulidwe sabata yomweyo chimanga chisanafike m'mawondo.

Mupereke moni kwa amayi, agogo ndi amalume.

Ndine mlongo wanu.