Kwa a Nduna ya Madzi ndi Chilengedwe: Musatchere Mankhwala Osaola Amodziamodzi

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemberani za mankhwala otchedwa PFAS. Mafakitale akhala akuwagwiritsa ntchito kuyambira m'ma 1940 popanga mapoto osamata chakudya, zovala zosalowa madzi, mapepala okulungira zakudya zamafuta ndi thovu lozimitsira moto. Chimene amalonda amawakondera ndi chomwecho chikutiopsa ife: saola. Akalowa m'nthaka kapena mumtsinje amakhazikika, ndipo ena akafika m'magazi a munthu amatenga zaka kuti atuluke. Mu 2023 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa WHO, linaika mtundu wina wotchedwa PFOA m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa.

Madzi okhala ndi mankhwalawa amaoneka mbee, opanda fungo, chikomekome cha nkhuyu. Kuwiritsa sikuchotsa mankhwalawa, klorini naye amangowadutsa. Mayi wotsatira malangizo onse a zaumoyo akhoza kumwetsabe mwana wake poizoni osadziwa. Apa udindo wonse uli m'manja mwa boma.

Chondidetsa nkhawa ndi kayendedwe ka malamulo. Pangano la Stockholm, lomwe maiko anagwirizana pofuna kuletsa kapena kuchepetsa mankhwala oopsa osaola, linaika mtundu wa PFAS wotchedwa PFOS pa mndandanda wake mu 2009, PFOA mu 2019, PFHxS mu 2022. Koma PFAS alipo mitundu masauzande. Mukatseka khomo limodzi, opanga amasintha pang'ono kapangidwe n'kubwera ndi dzina latsopano, monga momwe mtundu wotchedwa GenX unalowera m'malo mwa PFOA, kenaka nawonso n'kupezeka m'mitsinje. Tikamayenda motere, adzukulu athu adzapeza tikadali pa mtundu wachikhumi. Lamulo lanu ligwire banja lonselo nthawi imodzi, ndipo wofuna kupitiriza kugwiritsa ntchito mtundu wina atsimikize yekha kuti palibe cholowa m'malo mwake.

Pakhalenso malire olembedwa. Mu 2024 dziko la America linaika malire a mananogalamu 4 (nanogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a galamu) pa lita imodzi ya madzi akumwa kwa PFOA ndi PFOS. Nambala yanu ikhoza kusiyana, bola ikhalepo, madzi aziyezedwa, zotsatira zake zizilengezedwa poyera ngakhale zitakhala zochititsa manyazi.

Kusefa madziwa n'kodula, sindikukana. Funso langa kwa inu ndi ili: bilu imeneyo ipita kwa amene anathira mankhwalawo, kapena kwa amene akumwa?

Ine wanu,
Nzika yokhudzidwa