Tilembereniko za ofufuza kaumbidwe ka mapuloteni

Akonzi,

Za katemera mumalemba kawirikawiri, koma za akatswiri ofufuza kaumbidwe ka mapuloteni simutiuzako. Mu 1965, David Phillips ndi anzake ku London anagwiritsa ntchito X-ray poona kaumbidwe ka lysozyme, enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'thupi) yopezeka m'misozi ndi m'mazira. Anapeza kuti ili ndi kamng'alu komwe kamagwira khoma la bakiteriya n'kulidula. Kamng'alu chabe, komatu kanaulula mmene enzyme imagwirira ntchito!

Nawo ma antibody, mapuloteni omwe ndi asilikali a m'thupi aja, amaoneka ngati chilembo cha Y, ndipo nsonga ziwirizo ndi zimene zimakola kachilombo. Rodney Porter ndi Gerald Edelman analandira mphoto ya Nobel mu 1972 chifukwa chofufuza kapangidwe ka ma antibody amenewa. Chonde tipatseniko tsamba la nkhani zoterezi.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu