Kwa Naphiri, za sukulu yako ya zolembalembayo

Naphiri mwana wanga,

Voice note yako ya Lachitatu ija ndaimvera katatu, amayi ako anaimvera kamodzi kenako anadzuka kupita kukhitchini osanena kanthu. Pa foni sindinakuyankhe bwino, netiweki imangodukaduka, komanso ukundidziwa kuti ine mawu amabwera ndikakhala pansi, ndiye upirire uwerenge mpaka kumapeto.

Wati nkhani yako ya maliro a agogo ako anzako a m'kalasi anaikhadzulakhadzula iwe uli duu, poti pa workshop mwini nkhani sayankha mpaka onse atamaliza, kenako unatuluka 4 koloko kunja kutada kale, kukuzizira, n'kumadzifunsa ngati sunalakwitse kusiya ntchito ku Lilongwe. Ululu umenewo ndimaudziwa, sikuti ndikungokutonthoza ayi. Ku Britain komwe uliko maphunziro a mtundu wakowu anayambira pa University of East Anglia mu 1970, ndipo chaka chomwecho kuno ana asukulu ndi aphunzitsi awo pa Chancellor College anayambitsa Writers Group, koleji ikadali ku Chichiri isanasamukire ku Zomba mu 1973. Ine ndinalowa gulu limenelo cha m'ma 1980. Ndakatulo yako amaitayipa pa stensulo n'kupukusa makope, inki yake yonunkha yodetsa zala, aliyense pepala m'manja, iwe uwerenge mokweza kenako anthu akugwere. Tsiku langa loyamba mnyamata wina anati mizere 6 yoyambirira ndimangokonza kukhosi, ndakatulo yayambira pa mzere wa 7. Ndinafufuma sabata yathunthu, ku kafeteriya osamupatsa moni. Kenako usiku wina ndinaidula mizere ija n'kuwerenganso, amanena zoona mnyamata uja.

Ndiye tamvera. Anthu 10 akapunthwa malo amodzimodzi, pamenepo pali chitsa, pita ukachione. Koma akayamba kukuuza kazulidwe kake sikuti uzingovomera zonse. Wati sanamvetse chifukwa chake azibambo anagona panja pa moto azimayi ali m'nyumba ndi maliro, ndipo wina anati uike ndime yofotokoza mwambowo. Ine ndikuti usaike. Ukangoyamba kufotokozera, nkhani ija isanduka phunziro la social studies ndipo agogo ako asowamo. Chomwe chikusowa n'choti owerenga akhale nawo pa motopo, amve utsi wa chikuni chachiwisi, aone amalume ako atafunda chitenje cha akazi awo chifukwa jekete anaiwala pothamangira uthenga, amve nyimbo ikutuluka m'nyumba cha m'ma 3 koloko mawu atasasa. Akaona zimenezo safunsanso. Ndipo mawu a Chichewa amene uli nawomo asiye momwemo, iwe unakula ukuwerenga za chipale chofewa usanachione, palibe anakupepesa.

Koma chimene chandikhazika pansi kwenikweni si workshop. Chaka chimodzi si kanthu, Seputembala afika posachedwapa, upereka dissertation, anzako abalalika, ndipo sipadzakhalanso munthu wokufunsa kuti masamba ako ali kuti Lolemba. Pamenepo ndi pamene ine ndinagwera.

Umadziwa kuti mlakatuli uja a Jack Mapanje anamangidwa mu Seputembala 1987 n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ambirife tinachita mantha, ine ndinatenga hadikava yanga ya ndakatulo n'kuiika pansi penipeni pa thiranki. Kwa zaka zambiri ndimauza anthu kuti ndinasiya kulemba chifukwa cha nthawi ija, ndipo ndi zoona ndithu koma theka lokha. Referendamu inabwera mu 1993, mantha anatha, ine sindinatsegule thiranki. Ndimati ndilemba holide ikubwerayi, holide ikafika kuli kuchonga mayeso, kuli feteleza, kuli fizi yanu, kuli maliro. Chaka chatha pofuna satifiketi ina ndinaipeza hadikava ija, njenjete zitadya kuyambira m'mphepete mpaka pakati, masamba ena ongoyoyoka m'manja. Ndinakhala pa bedi nthawi yaitali. Sindikudandaula kuti ndinakulerani, zimenezo ndikanachitanso kawiri, koma ola limodzi m'mawa linalipo masiku onse aja ndipo palibe anandilanda.

Choncho miyezi yatsalayi uigwiritse ntchito ngati munthu wodziwa kuti mvula ikutha. Viza yako imalola maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu, ndamva kuti ukufuna kuwadzaza onse ku ganyu ya kulesitilanti kuti uzititumizirako kangachepe. Usatero chonde. Penshoni ikutikwanira movutikira koma ikutikwanira, chimanga tili nacho. Skolashipu anakupatsira kuti ulembe, ndipo nthawi ngati imeneyi, yoti laibulale ili pafupi, magetsi osazima, aphunzitsi akuwerenga zako ndi pensulo m'manja, sidzabweranso. Ubwere kuno ndi buku lonse ngakhale likhale lokhotakhota, bola lili ndi mathero. Kukonza ukakonzera kuno.

Za ma agent aja, anthu opezera olemba makampani osindikiza mabuku, akubwera kudzacheza nanu kumapeto kwa chaka, pita, uwapatse masamba ako abwino, koma mtima usauike pamenepo. Mwina mmodzi kapena awiri m'kalasi mwanu atengedwa msanga, uziona zithunzi zawo pa Facebook iwe uli mu minibasi ya ku Area 25, ndipo zidzakuwawa, usadzinamize kuti sizidzakuwawa. Ukawayamikire ndi mtima wonse kenako ubwerere pa tebulo. Mwa anzakowo usankhepo awiri amene amakuuza zoona mosakunyoza, musungane manambala, muzitumizirana machaputala ngakhale patapita zaka, amenewo ndi amene udzatsale nawo kuposa pepala la digiri.

Ukudziwa kale kuti skolashipu yako ya Chevening imafuna ubwerere kwanu kwa zaka 2, ndiye za azakhali ako zoti ungotsalira konko uzisamala okalamba usazimvere, unasainira ndipo mawu ako ndi mawu ako. Ukafika anthu adzakufunsa kuti ndiye masters ya kulemba nthanoyi ikupatsa ntchito yanji, ena mokuseka ena mofunadi kudziwa. Usakwiye nawo. Zoona zake n'zoti kuno buku limayenda kwambiri likalowa pa silabasi ya MSCE, kupanda apo ndi makope ochepa, ndiye ntchito uifune ndithu, kaya kuphunzitsa, kaya kukonza zolemba za ena, kaya kumasulira. Koma posankha uziyang'ana ngati ikusiyire m'mawa. Ntchito za maprojekiti zili ndi ndalama, koma ukalemba malipoti tsiku lonse madzulo mutu umakhala utauma, ndawaona ana a anzanga.

Uzitumiza nkhani zako kunja ndi kuno komwe. Commonwealth Short Story Prize salipiritsa polowa. A Miles Morland Foundation amapereka ndalama kwa olemba obadwira mu Africa amene anasindikizapo kale, koma amafuna mawu 10,000 mwezi uliwonse, ndiye waona kuti ngakhale iwowo akufuna munthu wozolowera kukhala pansi. Ndipo usanyoze masamba a nkhani zazifupi a mu Malawi News ndi Weekend Nation, amenewo ndi amene amafika kwa aphunzitsi anzanga ndi ana awo. Tsiku lina udzalembeko imodzi m'Chichewa kuti amayi ako awerenge okha popanda ine kuwamasulira.

Chipinda chakumbuyo chija tachotsamo matumba, tebulo la agogo ako ndalikhomanso mwendo unkagwedera uja, lili pawindo loyang'ana ku mtengo wa mapeyala. Ukabwera ukhale kuno miyezi ingapo usanayambe za lendi m'tauni. Amayi ako akuti uzivala masokosi awiriawiri ndipo ufa anakupatsira uja usamaumire, akapezeka wobwera atumiza wina.

Nkhani ya maliro ija unditumizire pa imelo momwe inalili usanaikhudze, pa WhatsApp zilembo zimandichepera.

Ndine bambo ako.